Esinati Anatsala ku Dedza

Mwana wanga James wakonza ulendo wa tchuthi. Akufuna kunyamuka kuno ku Pinetown, ku South Africa, ndi ana ake awiri a sekondale, agone ku Harare, aone Tete, akathere ku Dedza, kwawo kwa malemu amayi anga. Dzulo mdzukulu wanga Thoko, mwana wamkazi wa James, anandionetsa njirayo pa foni.

"Eish, agogo, mwakwiyiranji? Ndi holide chabe."

Ifenso anatiuza choncho. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tikukhala pa famu ya fodya ku Zimbabwe. Ndimakumbukira fungo la malasha m'sitima popita ku Dedza ndi makolo, mlongo wanga Esinati akutisendera mazira owiritsa ine ndi mng'ono wanga. Esinati anali atangotha msinkhu.

Ku Dedza atsibweni athu anatiphera mbuzi. Tsiku lobwerera anamugwira Esinati padzanja.

"Alamu, mwatilerera bwino," anauza abambo. "Anyamatawa tengani. Uyu ndi mbumba yanga, mudzi uno ukula ndi iyeyu."

Abambo, amene famu yonse inkawaopa, anangovula chipewa. Mkamwini sayankha pamudzi pa eni. Amayi anakana kusiya mwana yekha, anatsalanso. Ine ndinachita nsanje. Ndinkayesa kuti Esinati amuwonjezera tchuthi, ndipo ndinalira kuti nanenso nditsale.

Ndamuuza James kuti apite, koma Thoko asakafike ku Dedza. Akuti zimenezo zinatha kalekale. Kapena zinathadi. Ine ndikudziwa zanga. Tinapita anthu asanu, tinabwerako atatu. Amayi ndinakaona manda awo okha. Esinati sindinamuonenso.