Kakhadi Komwe Mayi Herminia Anakana Kugwira

Mayi Herminia Pabón ndi komayi wanga. Ndine ndinanyamula mwana wawo Nilsa pa ubatizo, ndiye kuchokera tsiku limenelo iwo amanditchula kompayi, ine komayi, ngakhale pamene tikunyozana. Ndipo kunyozana tanyozana, zaka makumi anayi ndi zisanu, mpanda uli umodzi, kuno kumapiri a Utuado. Ine ndine Eulogio. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi chifukwa khofi akapsa sadikira kuti munthu alembe mayeso, choncho mukapeza polakwika m'zolembazi, kadandauleni kwa khofiyo.

Tili achinyamata ndinawafunsirapo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Ukadzakula ubwere." Chonsecho wamkulu ndinali ine, ndi zaka zitatu. Anakwatiwa ndi Fermín, munthu wofatsa, amene anawamangira nyumba ya matabwa m'mphepete mwa phiri kenako n'kumwalira mosavutitsa aliyense, monga ankachitira zinthu zonse.

Chimene chinalera Nilsa mpaka kukhala namwino ndi mapasitele a mayi ake. Ankapala nthochi zosapsa ndi koko, kuika nyama ya nkhumba pakati, kukulunga m'masamba a nthochi n'kumanga awiriawiri ndi ulusi. Disembala akafika, magalimoto a ku San Juan, kumzinda waukulu, ankandandalika pamsewu wathu ngati pali maliro a munthu wolemera. Koma mapasitele a Khirisimasi amayamba kupangidwa mu Seputembala, ndiye pamafunika posungira.

Kuchigwa kuli sitolo ija yaikulu imene tonse timaitchula kuti Namgumi, poti itabwera inameza timasitolo tonse ta m'tauni, ka nsapato, ka misomali, ngakhale ka maliboni. Kumeneko ndiko komayi anakagula filiza yoyera, yaitali ngati bokosi la maliro. Anawapatsanso khadi la umembala, n'kulemba dzina ndi keyala yawo m'makina.

"Komayi, mwaguliratu?" ndinatero akuitsitsa m'galimoto. "Ndiyesemo ngati ndingakwane?"

"Inu mungakwanemo atatu," anayankha. "Koma ndani angawononge magetsi posunga nyama yowola kale?"

Filizayo inagwira ntchito zaka ziwiri. Lamulungu lina mu Febuluwale, iwo ali ku Misa, ine amene kutchalitchi ndimapita pokhapokha wina akafa ndinamva fungo la pulasitiki yopsa, n'kuona utsi ukufuka m'khitchini mwawo. Ndinakuwa. Amene anathamangira ndi Chago, mnzanga wa masewera a madomino amene ali ndi kagolosale pamphambano. Tinalimbana nawo motowo ndi mapaipi othirira maluwa mpaka ozimitsa moto anakwera phiri. Kuchipinda ndi pabalaza kunapulumuka. Khitchini yonse ndi theka la denga zinapita.

Komayi anafika atavala diresi lawo lobiriwira la kutchalitchi. Sanalire. Anatola ndodo n'kuyamba kufukula phulusa kumbuyo kwa filiza ija, mpaka anapeza kabokosi kakuda kokhala ndi nthambo zosungunuka. Anakaika m'chitini cha mabisiketi.

"Aka ndikakaika patebulo pa jaji ndi manja angawa," anatero. "Ndikamufunse kuti anunkhize."

Inshuwalansi panalibe. Ndani amapereka inshuwalansi pa nyumba ya matabwa yolendewera paphiri? Nilsa anaimba foni kuchokera ku Kissimmee, kutsidya kwa nyanja komwe amagwira ntchito, akulira, kuti amayi ake asamukire kumeneko. Anakangana sabata yathunthu, mapeto ake anapangana chonchi: ikafika Khirisimasi khitchini isanamangidwe, Nilsa adzabwera kudzawatenga, ndipo sipadzakhalanso zokambirana. Choncho kukhala kwa komayi paphiri pano kunatsamira pa chinthu chimodzi, kuti Namgumi alipire khitchini ija. Anangodikira lipoti la ozimitsa moto kuti akakhale ndi popondera kwa loya. Pakadali pano denga linali la lona, ndipo ankaphikira pakhonde, pa kambaula ka gasi.

Analumbiranso lumbiro. Chilichonse cholembedwa dzina la sitolo ija sichidzalowanso pakhomo pawo, kaya jumbo, kaya kalendala. Majumbo onse amene anali nawo anandiponyera kuseri kwa mpanda.

Makalata athu amafikira m'timabokosi ta pamphambano, ndipo poti mawondo a komayi sagwirizana ndi chitunda, ndine ndinkawatengera. Tsiku lina mu Meyi munali kakhadi kopanda envelopu, kolembedwa m'Chingelezi, chilankhulo chimene kuno sitilankhula, tizilembo tating'ono ngati nyerere zafola. Chimene ndinatha kuwerenga ndi dzina la Namgumi basi.

"Komayi, chibwenzi chanu chakulemberani," ndinatero ndikukagwedeza pamwamba pa mpanda.

Anaona dzinalo n'kubweza manja kumsana. "Chinditalikire. Akufuna andigulitse chiyani tsopano, machesi?"

"Mwina akupepesa."

"Wopepesa amabwera ndi miyendo. Kapukutireni mphuno, nkhalamba inu."

Ndinakasonyeza Chago, amene anayendetsapo lole ku New Jersey zaka ziwiri ndipo amadzitcha katswiri wa Chingelezi. Anakaika patali, n'kukabweretsa pafupi, n'kutsinzina diso limodzi. "Ndi zotsatsa malonda izi," anagamula. "Nanenso kandipeza, ndataya." Iyeyo anali ndi filiza ya mtundu womwewo, yosungiramo ayezi wa mowa. Kakhadiko kanali kolimba bwino, kumsana kwake kuli malo oyera, ndiye tinayamba kulembapo zigoli za madomino. Kanatitumikira mwezi wathunthu.

Lipoti la ozimitsa moto linatuluka mu Seputembala, litanena mosapsatira kuti moto unayambira m'kabokosi ka filiza. Tinakwera galimoto ya Chago kupita kutauni ya Arecibo kukaonana ndi loya, komayi ali m'diresi lobiriwira lija, chitini chili pamiyendo. Loyayo anali mtsikana, mayi Cintrón, wa msinkhu wa Nilsa. Anamvetsera bwino, anatsegula chitini, ananunkhizadi. Kenako anafunsa nambala ya filiza n'kuilemba pa kompyuta. Ndinaona nkhope yake ikugwa pang'onopang'ono.

"Mayi Herminia, mlandu wa filiza imeneyi unatha kale."

"Unatha bwanji ine ndisanayankhule?"

"Anakuyankhulirani maloya a ku Illinois, kutali uko."

"Amandidziwa?"

Loyayo anafotokoza mofatsa. Mafiliza a mtundu umenewo anagulidwa ndi anthu oposa zikwi mazana atatu, ndipo angapo anayaka. Maloya ena anasumira sitoloyo m'malo mwa ogula onse pamodzi, mlandu umodzi. Sitolo inavomera kulipira koma osavomera kulakwa, jaji anasaina. Wogula aliyense anatumiziridwa kakhadi. Amene ankafuna mlandu wakewake ankayenera kulemba kalata yodzichotsa pagulupo lisanafike 15 Julaye. Amene katundu wake anapsa ankayenera kutumiza fomu pofika tsiku lomwelo. Wokhala chete ndiye kuti wavomera, ndipo sangasumirenso.

"Ine sindinalowe m'gulu la munthu," anatero komayi.

"Anakulowetsani ndi malamulo, mayi. Chanu chinali kutuluka. Kodi kakhadi sikanafike?"

 Chago anayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati munalembedwa dzina lake. Ndinakweza dzanja monga mwana wasukulu.

M'mawa mwake ndinakapereka kakhadiko kwa loyayo. Kutsogolo kunali 15 Julaye, kumbuyo kunali Eulogio 200, Chago 140, ndi chithunzi cha bulu chimene ndinajambula pansi pa dzina la Chago. Mayi Cintrón sanaseke. Analembera jaji wa kutali uja kupempha kuti alandire fomu mochedwa, poti komayi ndi okalamba ndipo Chingelezi sachidziwa. Sanatilipiritse n'komwe. Yankho linabwera mu Novembala, mizere inayi: chidziwitso chinafika pa keyala yoyenera, nthawi inatha.

Sabata yomweyo kunafika envelopu. Ulendo uno ndinakaipereka ndi manja awiri, ndipo komayi anaitsegula. Munali kuponi ya madola makumi anayi, yogulira chilichonse ku Namgumi. Aliyense wa m'gulu lija analandira yotero. Mayi Cintrón anatiuza kuti maloya a ku Illinois anapatsidwa mamiliyoni asanu ndi anayi.

Tsopano za milandu ikuluikuluyi takhala tikukangana patebulo la madomino mpaka lero. Chago ndiye amaikira kumbuyo. Masana ena anayamba ulaliki wake komayi ali pomwepo, akugula mchere.

"Tinene zoona," anatero akumenyetsa domino patebulo. "Pakanapanda maloya amenewo, Namgumi akanamugwira ndani? Iwe Eulogio, ndi kalasi yako yachinayi? Mafiliza aja anawachotsa m'masitolo onse. Yanga anabwera kudzasintha kabokosi kaja ulere. Bwenzi golosale ino itapsa ine ndili m'kati. Akadya mamiliyoni adye, agwira ntchito."

Sananame. M'nyumba zambiri kuno muli mafiliza amene sadzayakanso, ndipo eni ake sadziwa n'komwe amene anawapulumutsa. Munthu mmodzi sangasumire sitolo chifukwa cha kabokosi ka madola asanu, loya angamuseke. Zimenezo ndimazimva. Chimene mutu wanga wosaphunzirawu umakana n'chakuti munthu amene nyumba yake inapsa ndi munthu amene mowa wake unangofunda alandire pepala lofanana.

Komayi analipira mchere wawo n'kutembenuka. "Ndamva, a Chago. Ndiye kuti khitchini yanga inapsa kuti mowa wanu uzizizira bwino. Muzindikumbukira mukamamwa."

Chago anayamba kusakaniza madomino.

Ine ndinkadikira kuti andikalipire. Ndinapita dala pampanda kukaima, khosi lili poyera. "Komayi, nenani zimene muli nazo. Ndine ndinajambulapo bulu."

"Ndine ndinakana kukagwira, kompayi," anatero. "Inu munabweretsa."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundinyoza. Ankandipatsa moni waulemu ngati ndine wansembe. Ndinayesa zonse. Ndinawauza kuti khofi wawo akukoma ngati madzi otsukira mbale, anangoti pepani. Ndinawafunsiranso ukwati, kuti tsopano ndakula, ndipo khitchini ndili nayo. Anamwetulira pang'ono n'kupitiriza kupinda zovala. Pamenepo ndinadziwa kuti apita.

Chaka chimenecho magalimoto a ku San Juan anabwera ndithu, n'kumabwerera pageti. Nilsa anafika pa 20 Disembala ndi masutikesi awiri opanda kanthu. Zinthu za zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu zinakwana mmenemo, ndipo malo anatsalako. Makina opalira nthochi anapatsa mkazi wa Chago. Ine anandiitanira pampanda n'kundipatsa chitini cha mabisiketi chija.

"Mundisungire. Mwina kudzabwera jaji wodziwa kununkhiza."

Kenako anatulutsa kuponi m'thumba la diresi, ataigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Iyinso tengani. Kumsana kwake kuli malo. Mujambulepo m'bale wanu wina."

Kunyoza komaliza kumene ndinalandira n'kumeneko, ndipo ndinakusunga.

Amaimba foni Lamulungu lililonse akachoka ku Misa. Akukhala pansanjika yachitatu, m'nyumba imene mawindo ake satseguka. Anayesa kupanga mapasitele kamodzi, koma masamba a nthochi a kumeneko amagulidwa owuma ndi chisanu m'mapaketi, ndipo aneba anadandaula za fungo. Tsopano amalera zidzukulu zimene zimawayankha m'Chingelezi. Amafunsa ngati chitini chilipo. Chilipo, pamwamba pa kabati. Safunsa za nyumba, ine sindinena. Lona lija linang'ambika ndi mphepo ya mu Ogasiti, zilambe zalowa mpaka kuchipinda, ndipo chikwangwani chogulitsa chimene Nilsa anakhoma chayamba kusuluka popanda woimba foni.

Kuponi ija sindinajambulepo kanthu. Inali ndi tsiku lothera, ndipo ine masiku a pamapepala ndinayamba kuwaopa. Kutatsala sabata imodzi, kukutentha kwambiri, ndinatsikira kuchigwa nditavala chipewa chophimba nkhope, n'kugula fani ku Namgumi ndi kuponiyo. Mtsikana wa pamakina anandifunsa ngati ndikufuna khadi la umembala. Ndinati ayi mwanawe, keyala yanga isiye.

Komayi sindinawauze. Faniyo imazungulira bwino, ilibe vuto. Koma ndikamatuluka, ngakhale kungofika pamphambano kukatenga makalata, ndimazula pulagi kukhoma, n'kuigwira kaye m'manja kuti ndimve ngati yatentha.