Madala Amene Anathira Chiphe M'kanema

"Iwe, ukufuna anthu akudziwe, nanga akakudziwa uzikagula kuti chakudya?" Anandifunsa choncho madala oyandikana nafe kuno ku Kumasi, nditawauza kuti sukulu ndathana nayo, tsopano ndikufuna kusewera m'makanema.

Iwo anali katswiri zaka makumi anayi zapitazo. Masiku ano amangokhala pakhonde atavala jekete yakutha, kumapesa ndevu ndi zala. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Nkhope ukaibwereketsa, sabweza."

M'kanema amene anawatchukitsa, anathira chiphe m'chakudya cha mkazi wawo. Lachiwiri lapitali ndinawaperekeza kwa Mayi Serwaa, ogulitsa mpunga wa nyemba. Mayiwo atangowaona anavundikira mphika.

"Bambo, imani pomwepo. Musayandikire chakudya changa."

"Mayi, mkazi wa m'kanema uja ali moyo. Ali ku Accra, ndipo ananenepa kuposa inu."

"Ife tinaona ndi maso athu."

Madala sanakwiye, anazolowera. Anabwerera pang'onopang'ono, mbale ili yopanda kanthu.

Loweruka likubwerali opanga kanema andiitana kukayesedwa gawo la mbava. Ndaganiza zopitabe, poti kusadziwika nakonso kwanditopetsa. Koma ndikawauza kuti mbava yawoyo ibe chilichonse, isakhudze chakudya cha munthu.