Ndinapatsa Ogulitsa Onse Nambala Imodzi Yachinsinsi

Chitseko chimene anandilemba ntchito kuti ndizichilondera ndinachitsegula ndine ndemwe. M'kope momwe ndimalembamo za tsiku lililonse chiyambire Fomu 2 ndinayesapo kuloza ena chala, koma mtima unakana. Ndiye inu owerenga, imvani mmene zinayendera.

Kwathu ndi ku Biriwiri. Nditakhoza Fomu 4 ndinaphunzira za makompyuta, kenako ndinapeza ntchito pa kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza pa boma pa Ntcheu. Ntchito yanga inali kuteteza zimene alimi amatiuza tikamawalemba m'kompyuta: mayina, manambala a foni, midzi ndi minda yawo. Wogulitsa aliyense ndinamupatsa nambala yakeyake yachinsinsi yolowera, kuti akasiya ntchito ndizingomutsekera yekhayo.

Abwana athu anali munthu wamalonda, amsinkhu wa bambo anga. M'mawa uliwonse funso lawo linali lomwelo, loti dzulo tagulitsa bwanji. Mvula itayandikira, ogulitsa anadandaula kuti pamsika wa Nsipe amaiwala manambala awo, alimi n'kumatopa pamzere. Abwana anandiitana.

"Mwana wanga, apatse nambala imodzi onsewa. Chitetezo chakocho chinagulitsapo thumba?"

Ndinkadziwa kuti n'kulakwa. Koma ndinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula umayang'ana pansi, choncho ndinangoti chabwino bwana. Nambalayo anailemba patimapepala n'kumata kuseri kwa tabuleti iliyonse imene ogulitsa ankalembera alimi. Wogulitsa wina atasiya ntchito mokangana ndi abwana, ndinapempha kuti tiisinthe. Anati ndidikire nyengo ya malonda ithe kaye. Ndinadikiranso.

Loweruka lina ndili kumudzi, tikupalira kachewere, foni ya amayi inalira. Woimbayo anawatchula dzina, mudzi ndi mbewu imene anagula kwathu. Anati apambana feteleza waulere, angotchula nambala yachinsinsi ya ndalama zawo za pafoni. Amayi anaphimba foni ndi dzanja.

"Iwe, ndi anzako akuntchito awa. Akudziwa mpaka dimba langa lakumtsinje. Ndiwauze?"

Amayiwo ndinawalemba ndine, ndipo ndinawatsimikizira kuti zawo zili m'manja abwino. Ndinatenga foniyo n'kuidula.

Lolemba ndinayang'ana m'kompyuta n'kupeza kuti wina anakopera mndandanda wonse wa alimi. Koma anali ndani? Poti nambala inali imodzi, sindikanatha kudziwa. Ndinalowa muofesi ya abwana, ndipo ulendo uno sindinayang'ane pansi. Sindinatchule mawu ovuta a makompyuta. Ndinawauza kuti mlimi woberedwa m'dzina lathu sadzagulanso kwathu, ndipo Lamulungu akauza mpingo wonse.

Abwana anafunsa ngati amayi anga aberedwa.

"Ayi bwana, ndinalipo. Koma si onse anali ndi mwana pafupi."

Tsiku lomwelo ndinamatula timapepala tija, aliyense n'kubwerera pa nambala yake. Tinakanena kupolisi, tinatumiza uthenga kwa alimi onse. Tsiku la msika abwana anatenga chimkuzamawu chimene amatsatsira malonda, n'kuyendayenda pa Nsipe akulengeza kuti kampani siifunsa munthu nambala yachinsinsi. Bambo ena achikulire anatiuza kuti tachedwa, iwo anatchula kale yawo. Nkhope yawo sindinaiiwale mpaka lero.

Ntchito sinandithere. Abwana akadali okonda malonda, ndipo timatsutsanabe, koma masiku ano akafuna njira yachidule amayamba afunsa kuti, "Mlonda wathu akuti bwanji?" Ogulitsa ndinawaphunzitsa kusankha nambala yoti sangaiwale, ndipo mzere wa pa Nsipe ukuyenda bwinobwino.

Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga amene mukulowa ntchito ngati yangayi, ulemu si kuvomera chilichonse. Kanani mwaulemu, fotokozani m'njira imene abwana anu angamve, ndipo mulembe papepala kuti mwachenjeza. Mayina ali m'kompyutamo ndi anthu, ena ndi abale anu. Chaka chino amayi anabweranso kudzalembetsa. Wogulitsa atawafunsa nambala ya foni, anayang'ana ine kaye. Ndinagwedeza mutu kuti atchule, ndipo mtima sunanditsutse.