Tsiku Limene Tinaika Mlamu Wanga wa ku Quebec

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi. Tinachezera pa siwa m'nyumba ya mlongo wanga ku Oshawa, m'dziko la Canada, ngakhale thupi la mwamuna wake linali kunyumba ya okonza maliro. Kukhitchini azimayi anali atayamba kale kukazinga nkhuku. Panja chisanu chinali choluma makutu.

Mlamu wangayo anali mzungu wa ku Quebec, woyankhula Chifalansa, ndipo ankagwira ntchito pafakitale ya galimoto. Mkangano ankaukonda ngati tiyi. Ankati Quebec iyenera kuchoka mu Canada n'kumadzilamulira yokha, chifukwa bambo ake anakalamba pantchito akulamulidwa m'Chingerezi m'tauni imene aliyense ankayankhula Chifalansa, osakwezedwapo. Ankati mtundu wochepa ukasiya boma m'manja mwa ochuluka, chinenero chake chimatsala cha kukhitchini basi. Ine ndinkamuuza kuti banja silitha chifukwa cha mkangano wa ndiwo. Iye ankaseka n'kundifunsa kuti, "Nanga inu alamu, chitaganya munachikaniranji?" Chipani cha maganizo akewo chinali chitangopambana chisankho kwawo pamene mtima wake unaima.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika: Amalawi a ku Mississauga ndi ku Brampton, anamwino anzake a mlongo wanga, ndi azibambo a kufakitale amene ankatsutsana naye tsiku ndi tsiku. Ena mwa iwo maso anali ofiira.

Amayi a malemu anali atabwera pasitima. Chingerezi sankachimva n'komwe. Anakhala pakona atafumbata kolona, ndipo aliyense ankangowagwira dzanja n'kudutsa. Kutchalitchi wansembe anachita zonse m'Chingerezi. Mayiwo ankaima ena akaima, n'kukhala ena akakhala. Zinandipweteka kwambiri. Mwana wawo ankaikidwa iwo osamvapo ngakhale liwu limodzi.

Tinandondozana pagalimoto, nyali zitayatsidwa, mpaka kumanda. Pemphero litatha, okonza maliro anagwira malamba kuti atsitse bokosi. Pamenepo bambo wina wachikulire wa kwathu, dokotala wosakonda zoyankhulayankhula, anavula chipewa m'chisanu chonsecho. Anapepesa kwa wansembe, n'kunena kuti kwathu bokosi silitsika eni maliro asanayankhule. Kenaka anawagwadira mayiwo pachipale chofewa.

Mlongo wanga anawanong'oneza. Iwo anasendera pafupi, n'kuika dzanja pabokosi, n'kuyamba kuyankhula m'Chifalansa. Anayankhula nthawi yaitali, mawu osanjenjemera. Palibe anamasulira, palibenso anayang'ana wotchi. Azibambo a kufakitale aja anaima chilili, zipewa zili m'manja. Mayiwo atayamba Atate Wathu, mlongo wanga anawatsatira ndi Chifalansa chake chotsimphina chimene malemu ankamuseka nacho. Bokosi linatsika iwo atagwedeza mutu.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Ana a malemu anagona ndi zovala za kumaliro. Mlongo wanga ndi apongozi ake aja anakhala patebulo, ndipo mayi amene anakhala duu masiku onse aja anamasuka. Ankasimba za mwana wawo m'Chifalansa, mwina kulira, mwina kuseka. Ine ndinali pomwepo ndi kapu yanga, osatolapo kanthu. Ndinafunitsitsa kudziwa chimene chinkawaseketsa, poti munthuyo ndinkamukonda. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiuze mlongo wanga andimasulire m'Chingerezi, koma ndinatsekanso. Ndinanyamuka kukatsuka mbale.