Pululu Anaphunzira Kutseka Chitseko

Inu amene mwakhumudwa lero, tcherani khutu mumve za mtsikana wina amene anthu ankamutcha Pululu.

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, anatuluka mu ofesi ya maloya atanyamula kapu yake ndi ambulera, misozi ili chuchuchu. Mlandu wake unali kukoma mtima. Iye ndiye ankasunga pasiwedi ya wayifayi ya mu ofesimo, ndipo inali imodzi yokha, ya aliyense. Malume ake atabwera kudzamuona n'kuipempha, akanatani? Malume sakanizidwa kanthu. Malumewo anapatsa mnzawo, mnzawoyo anapatsa wina, mpaka munthu wosadziwika analowa pa netiweki n'kuwerenga zinsinsi za makasitomala.

"Iwe khomo lako lili pululu!" anakalipa bwana. Dzina linamera pomwepo.

Analira, inde, koma madzi akatayika saoleka. Anapita kwa katswiri wina woika mawayifayi m'maofesi n'kupempha kuti azingomunyamulira makwerero. Ali m'denga, fumbi lili tho kumaso, iye mafunso okhaokha. Mayeso oyamba a ntchitoyi analephera, akulu ake n'kumuseka kuti kompyuta siimva chisoni. Anakalembanso, ndipo anakhoza.

Zimene anaphunzirazo zinamutsegula maso. Wantchito aliyense azikhala ndi dzina lake ndi pasiwedi yakeyake. Akafuna kulowa, nambala ibwere pa foni yake kutsimikiza kuti ndi iyedi. Akasiya ntchito, mumangofufuta dzina lakelo, ena onse osavutika. Koma chimene chinamuvinitsa ndi ichi: alendo mungathe kuwapangira netiweki yawoyawo, yosakhudzana ndi ya ntchito.

Kenako dokotala wa kachipatala kena anamuitana kuti amuyese pa ntchito yoika wayifayi. "Mbiri yako ndaimva," anatero dokotalayo. "M'makompyuta muno muli matenda a anthu. Kanthu kakatuluka, nawenso utuluka."

Pululu anaika zonse mwadongosolo. Akumaliza kumangirira waya pafupi ndi benchi ya odwala, anamva mawu owadziwa bwino.

"Mwana wa mlongo wanga! Ndamva kuti wayifayi ya pano ndi yako. Tandiikira."

Anali malume aja, foni ili kale m'manja. Dokotala naye anali ataima pakhomo. Pululu anapatsa malumewo moni mwaulemu, n'kulandira foniyo ndi manja awiri. Anawalumikiza ku netiweki ya alendo, yomwe pasiwedi yake imatha ntchito chipatala chikatseka.

"Nanga ya madokotala?" anafunsa malume. "Akuti imeneyo ndiye imathamanga."

"Malume, mlendo timamulandira pabalaza," anayankha akumwetulira. "Kuchipinda ayi."

Malume anati kukamwa yasa, kenako anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. "Ha! Wakula mwana uyu. Wandikaniza, koma ndakhuta!"

Odwala pabenchi anaseka nawo. Dokotala anangoti, "Mawa ulawire. Ntchito ndi yako."

Pululu anabwerera kwawo akudumphadumpha ngati kamwana. Lero ali ndi makwerero akeake, ndipo dzina lomwe ankamunyoza nalo analilemba pa galimoto yake ya ntchito.

Mwina inunso munagwa chifukwa cha mtima wanu wabwino. Musauponye kudzala mtimawo, koma muupezere loko. Dzukani, sasani fumbi, kaphunzireni pomwe munalakwitsapo. Osataya mtima, abale anga!