Pepala la amayi likundidikira Lolemba

Pepani abale pokusokonezani, ine sindinazolowere kulemba pano.

Achemwali anga Esinati, lero chakwana chaka chichokereni inu. Ndikukumbukira m'mawa uja kuchipatala ku Blantyre, asanakulowetseni kukachotsa chotupa cha pachiwindi. Anesi anabweretsa pepala lovomereza opaleshoni. Inu munadinda chala, ine monga wokudwazikani ndinayenera kusaina. Ndinalemba dzina langa pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, kuopa kulakwitsa. Munandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Felesiya, ukulemba kapena ukuwokera mpunga? Fulumira, anthuwa andimana chakudya chiyambire dzulo, ndifa ndi njala ine!" Anesi omwe anaseka. Chotupacho anachichotsa bwinobwino, koma chinali khansa, ndipo inabwereranso n'kukutengani. Chikhalirecho palibe amene anandisekanso choncho.

Achemwali, tsopano amayi nawonso awapeza ndi chotupa pachiwindi. Adokotala andifotokozera kawiri konse kuti chawocho si khansa, ndipo akachichotsa achira. Ndinamva, koma dzanja langa likuopa. Lolemba ndikuyenera kukasaina pepala ngati lomwe lija. Ndikawafunsa amayi, akungoti, "Zili kwa iwe, mwana wanga, ndiwe wodziwa kuwerenga." Pakhomo pano kwa Malemia tatsala awiriwiri, ndipo munthu amene ndinkamufunsa zinthu zotere munali inu.

Ngati alipo amene akuwerenga izi, woti m'bale wake anachitidwa opaleshoni ya chiwindi n'kubwerera kunyumba akuyenda yekha, chonde andiyankhe msanga, Lolemba lisanafike. Ngakhale mawu awiri okha andikwanira.