Ubatizo Kumunsi kwa Paipi ya a Dewey

A Dewey Stamper sankadya mlamba. Tauni yonse ya Pruitt Ford inkadziwa zimenezi, monga inkadziwiranso kuti bondo lawo lakumanzere silifuna madzi ozizira. Mpingo ukakazinga milamba kuseri kwa tchalitchi, iwo ankangotenga nyemba ndi chigumu n'kukakhala pansi pa mtengo, dzanja likusisita pamimba.

"Mbale Dewey, lawani kachidutswa kokha," ankatero mayi Opal Combs, amene amuna awo ndiwo ankawedza nsombazo. "Mimba yanji yosankha zakudya ngati ya mayi woyembekezera?"

"Adokotala adandiletsa, mlongo."

Dokotala wake uti? Bodza lenileni. Mimba ya a Dewey inkagaya ngakhale miyala, ndipo bondolo linali lamphamvu kuposa la anyamata. Chimene ankadziwa iwo n'chakuti milambayo inkanenepera kumunsi kwa paipi yawo.

Ntchito ya kumadamu a suweji adaiyamba ali mnyamata, mgodi wa malasha utangotsekedwa. Madamuwo adamangidwa nthawi ya bambo awo, ndipo mapaipi ake ankanyamula zonse pamodzi, za m'zimbudzi ndi madzi a mvula omwe. Kukagwa chimvula matanki ankadzaza, ndiye a Dewey ankapita kukazunguza chigudumu chachitsulo, zonyansa zonse n'kuthamangira kumtsinje zosayeretsedwa. Kupanda kutero zikadabwerera m'nyumba za anthu.

Musaganize kuti ankachita mwakuba, ayi ndithu. Lamulo linkafuna madamu atsopano, koma tauni yopanda mgodi ikadawamanga ndi chiyani? Akuluakulu a boma adapereka chilolezo chapadera kuti akalewo azigwirabe ntchito kwa kanthawi. Kanthawiko kakatha, a Dewey ankavala suti yawo yopitira kumaliro, kukwera galimoto ndi a meya, n'kukadandaula kulikulu. Pakamwa anali napo mkuluyu. Ankabwerako ndi kanthawi kena, anthu n'kumawagwira chanza pamsewu kuti apulumutsa tauni. Kanthawi kadabala kanthawi mpaka a Dewey adamera imvi. Chilolezocho chinkalamula kuti papaipi pakhale chikwangwani chochenjeza anthu, ndipo chinalipodi, kungoti ziyangoyango zidachikuta kalekale.

Tsono kumunsi kwa paipiyo, ukangokhota, pali mchenga woyera pamene mpingo wa a Dewey umabatizira anthu mwezi wa Ogasiti. Mwambo wake ndi wakuti madikoni amaima mumzere m'madzi atagwirana manja, wobatizidwayo n'kumapatsirana mpaka akafike kwa abusa pakuya. A Dewey anali dikoni, koma chifukwa cha bondo lija ntchito yawo inali yonyamula mataulo pamtunda. Mumtima ankadzitonthoza kuti Ogasiti ndi mwezi wouma, komanso mtsinje umapita nazo.

Chaka chatha mvula idagwa Lachisanu. A Dewey adazunguza gudumu, Lamulungu n'kudzaima ndi mataulo awo. Pakati pa obatizidwa panali Darlene, mwana wamkazi wa mayi Opal. Lisanafike Lachitatu, Darlene anali m'chipatala, akutsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati, ndipo enanso awiri adadwala pang'ono. Anthu adafufuza chimene onsewo adadya pa phwando la ubatizo, n'kugwirizana kuti ndi saladi ya mbatata imene idakhalitsa padzuwa. Saladiyo adapanga ndi mayi Opal. Darlene adachira, koma mayi ake sadabweretsenso chakudya kutchalitchi, ngakhale mkate. Nthabwala zija zidatha, ankakhala pabenchi yakumbuyo. A Dewey ankaziona zonsezi Lamulungu lililonse, manyazi akuwadya, koma pakamwa paja pamene pankagonjetsa akuluakulu a boma padangoti chete.

Chaka chino mumzere wa obatizidwa munali Shelby, mdzukulu wawo amene adamlera okha ndi akazi awo a Juanita. Ndipo ngati mwadala, mvula idayamba Lachisanu n'kugwa mpaka Loweruka masana. A Dewey adaima pagudumu nthawi yaitali, akuyang'ana madzi akukwera m'matanki. Pomaliza adalizunguza.

Lamulungu kudacha bwino, dzuwa lili phwee. A Juanita ankasita diresi loyera la Shelby.

"Khofi wanu wazizira, Dewey. Mwakhala ngati mukupita kumaliro bwanji?"

"Mutu ukundiwawa."

"Mimba, bondo, lero mutu. Chatsala n'chiyani mwa inu?"

Kutchalitchi a Dewey adakokera pambali abusa a Hensley. "Abusa, mtsinje wadzaza. Bwanji tikapemphe thanki yobatizira kwa anzathu a m'tauni?"

Abusa adaseka n'kuwamenya paphewa. "Mbale Dewey, Yohane sadabatizire anthu m'bafa. Madzi atsika kale, ndakaona ndekha m'mawa."

Apa ndiye panali ponenera, anthu awiri okha, khomo lotseka. Koma a Dewey adangogwedeza mutu n'kukatenga mataulo.

Kumtsinje anthu adayamba nyimbo. Madziwo anali ofiirira monga amakhalira mvula ikagwa, ndipo palibe amene adadabwa nawo. Kafungo kake adakamva ndi a Dewey okha, popeza mphuno yawo idakulira momwemo. Panthambi ina yogwera m'madzi padakodwa kachidutswa ka pepala koyera, ndipo iwo sadafune kufunsa kumene kadachokera. Madikoni adalowa, nagwirana manja. Shelby adavula nsapato, nabwera kwa agogo ake akumwetulira.

"Agogo, bondo lanulo lipirire lero lokha. Ndikufuna mundilowetse ndinu."

Adawagwira dzanja n'kuyamba kuwakoka. Phazi lake litatsala pang'ono kukhudza madzi, a Dewey adamubweza mwamphamvu mpaka mtsikanayo adadzandira.

"Usalowe."

Nyimbo idaduka pakati. Abusa, madzi ali m'chiuno, adafunsa kuti kwagwanji.

"Ndidatsegula gudumu dzulo," adatero a Dewey, maso ali pamchenga. "Za m'zimbudzi za tauni yonse zadutsa pano. Tulukani m'madzimo. Chilolezo chimalola, mvula ikachuluka timatero."

Madikoni adasiyana manja n'kutuluka mofulumira, wina akudzipukuta ndi malaya. Kenako mayi Opal adatuluka kumbuyo kwa gulu, akuyenda pang'onopang'ono, nadzaima patsogolo pawo.

"Mbale Dewey, chaka chatha mvula idagwa Lachisanu."

"Idagwa, mlongo."

"Gudumu lanulo mudatsegula?"

"Ndidatsegula."

"Ndipo thaulo la Darlene mudanyamula ndinu. Mudamufunditsa ndinu potuluka." Mawu awo sadakwere. "Chaka chathunthu ndakhala ndikuyang'ana manja angawa, ndikuti ndiwo adatsala pang'ono kundiphera mwana. Inu mukundipatsa moni pakhomo la tchalitchi."

A Dewey adaweramitsa mutu.

"Ndifunse chimodzi chokha," adatero mayi Opal. "Mumzeremu lero mukadapanda kukhala mdzukulu wanu, mukadanena?"

Anthu onse adadikira yankho. A Juanita adadikira, atagwira pakamwa. Shelby nayenso adadikira, akuyang'ana nkhope ya agogo ake, diresi lake lili louma bwinobwino. Yankho litalephera kubwera, mtsikanayo adachotsa dzanja lake m'dzanja lawo pang'onopang'ono, natola nsapato zake, n'kukaima pafupi ndi mayi Opal.